Kodi oyilo wa giyabokosi ya otomatiki ndingasinthe ndekha pakhomo?

Funso: Ndili ndi Toyota Hilux ya 2009, ya dizilo, ya otomatiki ya magiya anayi. Ndinagula kwa munthu, ndipo pano yayenda makilomita 210,000. Ndimanyamulira usipa ndi nthochi kuchokera ku Nkhata Bay kubwera kuno ku Mzuzu, kawiri kapena katatu pa sabata. Masiku ano kukazizira m'mawa, ndikaika pa R, giya yobwerera m'mbuyo, imayamba yaganiza kaye isanagwire. Makaniko wina wandiuza kuti oyilo wa otomatiki sasintha, ukangomugwira galimoto imakhala pansi. Wina akuti ndipite nayo akaipope ndi makina. Ine ndalama yavuta. Kodi ndingasinthe ndekha pakhomo? Ndine bambo wa ku Chibavi.

Yankho: Mungathe, bambo. Pa galimoto yanuyo ntchito imeneyi ndi yopepuka kuposa kusintha mabuleki akumbuyo. Koma musanagule oyilo ngakhale lita imodzi, pali kanthu kamene ndikufuna muchite mawa, chifukwa zonse zimene ndinene pano zatsamira pamenepo.

Tsegulani boneti mufunefune dipisitiki yachiwiri, osati ya oyilo wa injini imene mumasolola masiku onse ija ayi, koma ina ya chakumbuyo, kufupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi kokhala anthu. Isololeni mudonthezere oyilo wake papepala loyera. La m'kope la mwana wa sukulu likwanira. Muyang'ane dontho lija padzuwa, kenako mulinunkhize.

Oyilo watsopano amakhala wofiira mowala, wooneka mkati. Akagwira ntchito zaka zingapo amasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pa makilomita anuwo ndi mmene ndikuyembekezera kuti mumupeza. Ameneyo ndi wotopa chabe, ngofunika kusintha, palibe choopsa. Koma mukapeza wakuda bii, wonunkha ngati mphika umene wapserera pamoto, ndipo mukamupikitsa pakati pa zala mukumva timchenga, imani pomwepo. Zimenezo ndi zikopa za makilatchi a m'kati zimene zaperepeseka, ndipo oyilo watsopano sangazibwezeretse. Mukapeza wotuwa ngati mwathiramo mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Oyilo wa giyabokosi amapita kukazizira m'kapaipi kodutsa m'munsi mwa rediyeta, ndipo kapaipiko kakabooka madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Zikatero galimotoyo isayendenso mpaka rediyeta itakonzedwa.

Makaniko wanu woyamba uja sanangopeka, zimene akunenazo anazionapo. Inenso ndinazionapo kangapo. Kungoti chifukwa chake wachiika pamalo olakwika. Ambirife timakumbukira za oyilo wa giyabokosi pamene galimoto yayamba kale kutsetsereka magiya, injini ikulira koma liwiro osaoneka. Nthawi imeneyo makilatchi amakhala atatha, ndipo chimene chikuwathandiza kugwirako pang'ono ndi phulusa lawo lomwe limene ladzaza mu oyilo. Mukachotsa oyilo wa phulusayo n'kuthira woterera bwino, galimoto imalekeratu kukoka, mlandu n'kugwera oyilo watsopano. Giyabokosiyo inali itafa kale, oyiloyo wangolengeza maliro. Koma giyabokosi imene ikusintha magiya bwinobwino sionongeka chifukwa choti mwaipatsa oyilo woyenera.

Za kupopa ndi makinazo ine sindikulimbikitsani, makamaka pa galimoto imene simukudziwa kuti mwini wake woyamba ankaisamala bwanji. Kusintha oyilo yense pakamodzi, makamaka akathiramo mankhwala otsukira, kumatakasa litsiro limene linakhazikika m'makona, ndipo limakatsakamira m'tinjira ting'onoting'ono ta mavavu. Njira ya pakhomo ndi yofatsa, ndipo kufatsa kwakeko ndiye ubwino wake. Giyabokosi yanuyo imasunga oyilo pafupifupi malita 10, koma mukamasula bawuti la pansi amatuluka malita 2 kapena 3 okha. Wotsalayo amakhala mu torque converter (chipangizo chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi), m'mapaipi ndi m'tinjira ta m'kati. Tiyerekeze kuti mwatulutsa malita 3: wakale watsala malita 7. Mukayenda sabata ziwiri n'kubwerezanso, wakale atsala pafupifupi malita 5. Kachitatu, atsala atatu ndi theka. Giyabokosi imazolowera pang'onopang'ono, ndipo thumba lanu nalonso limapumako pakati.

Tsopano za oyilo weniweniyo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaphera galimoto zawo. Oyilo wa otomatiki ntchito yake si kufewetsa zitsulo kokha. Ndi iye amene amatenga mphamvu ya injini kuipereka ku magiya, ndi iye amene amakankha makilatchi kuti agwire, ndipo ndi iyenso amene amachotsa kutentha. N'chifukwa chake mtundu uliwonse wa giyabokosi uli ndi wakewake, ndipo kufiira kokha si umboni wa chilichonse. A Toyota amalemba dzina la oyilo pa dipisitiki pomwepo, pa chogwirira kapena pa chitsulo chake. Pukutani muwerenge. Pa ma Hilux a magiya anayi a zaka zimenezo nthawi zambiri pamalembedwa T-IV, pomwe pa akale kwambiri pamalembedwa Dexron. Chimene chalembedwacho ndicho mugule. Ngati simunapeze wa m'chitini cha Toyota, wa kampani ina amagwira bola pa botolo pake alembepo T-IV kapena JWS 3309. Wa WS ndi wina, ngwopyapyala kuposa T-IV, ndipo anapangira magiyabokosi a magiya asanu ndi asanu ndi limodzi amene anabwera pambuyo pake. Musalole kuti wogulitsa akuuzeni kuti ndi chimodzimodzi. Chenjeraninso ndi wa CVT, umene ndi mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki. Chifukwa cha ma Sienta amene adzaza m'tauni muno, oyilo ameneyu ali m'mashelefu ambiri, ndipo mnyamata wa m'shopu akangomva mawu oti otomatiki akhoza kukutolerani ameneyo. Mu Hilux salowa.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Chaka china ndinathamangira kotchipa, ndinagula zigubu ziwiri pa kashopu kena m'tauni momwe muno. Chizindikiro chinali chokongola, dzina lake lolondola. Nditafika kugalaja ndinaona kuti chotsekera chikutseguka mopanda kulimba, ngati chinatsegulidwapo kale. Nditadonthezera papepala, kufiira kunatsalira pakati, m'mbali n'kuyenderera mafuta otuwa, ndipo fungo lake silinali lija ndinalizolowera. Mwayi wake ndinali ndisanathire m'galimoto ya kasitomala. Ndalama ija inapita, koma kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndayang'ana chotsekera, ndipo mtengo ukatsika kwambiri kuposa kwina konse ndimabweza phazi. Gulani kwa anthu odziwika ogulitsa oyilo kapena zipangizo za Toyota, chitini cha malita 4 chosatsegula. Mugulenso kawashala katsopano ka bawuti la pansi lija.

Zida zake n'zochepa: masipanala a bokosi, beseni lalikulu, chigubu choonekera mkati choti muyezere, fanelo ya kukamwa kowonda yokhala ndi kapaipi, ndi nsanza zoyera zosathothoka ulusi. Thonje la kugalaja lija musaligwiritse ntchito apa, kaulusi kamodzi kokha kangathe kutsekereza vavu. Fanelo nayo ikhale yatsopano kapena yotsuka n'kuuma gwa, osati imene mumathirira dizilo.

Dzulo lake tsukani kunsi kwa galimoto. Matope a ku Chibavi nonse mukuwadziwa, amamatirira ngati pulasitala pa sampu, chibeseni cha pansi chosungira oyilo, ndipo simukufuna kuti azigwera pamene mwatsegula. Sankhani tsiku lopanda mphepo ndi mvula, zimene kuno kwathu si zapafupi, komanso malo osapendekeka. Ambiri m'makomo mwathu mabwalo ndi otsetsereka, ndiye ngati panu palinso choncho, pemphani khonde la simenti kwa anzanu. Hilux ndi yaitali mokwanira kuti munthu alowe kunsi popanda kuikweza. Ngati mukufunabe kukweza, musalowe kunsi galimoto itatsamira pa jeke yekha, ndipo njerwa musaziyese n'komwe, zimaphwanyika mosachenjeza. Ikani pa P, kokani handibuleki, tsekerezani matayala ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati ndi ya 4x4, onetsetsani kuti kandodo kakang'ono koikira 4x4 kaja sikali pa N, chifukwa kakakhala pamenepo P sagwira kanthu.

Musanatulutse oyilo, yezani kaye mlingo wa amene alimo, m'njira imene ndifotokoze kutsogoloku. Mukapeza kuti anali wochepa, mwina vuto lanu la m'mawa lija mwalipeza kale, ndipo muyenera kufufuza pamene akudonthera.

Yendetsani galimoto mphindi khumi kuti oyilo afunde, muzimitse, mudikire pang'ono kuti ekizozi izizire. Mukalowa kunsi muona masampu awiri. Ya kutsogolo ndi ya injini. Ya giyabokosi ili kumbuyo kwake, yafulati, yozunguliridwa ndi timabawuti tambirimbiri. Musaseke kuti ndikunena zodziwikiratu. Ndinalandirapo galimoto yochita kukokedwa chifukwa mwini wake anakhuthula giyabokosi akuganiza kuti ndi injini, kenako n'kuthira oyilo wina pamwamba pa wakale mu injinimo. Pukutani mozungulira bawuti, tcherani beseni, masulani. Oyilo woyamba amatuluka mwamphamvu ndipo amawotcha, choncho dzanja likhale pambali. Musiyeni adonthe mpaka atasiya, ngakhale theka la ola.

Akatha, thirani oyilo wa m'beseni uja m'chigubu choyezera muone kuti watuluka wochuluka bwanji. Nambala imeneyo ilembeni. Yang'ananinso pansi pa beseni. Kafumbi kotuwa kosalala n'kachibadwa. Tizidutswa tonyezimira ta chitsulo, kapena tofiirira ngati mkuwa, ndi uthenga woipa, ndipo mukationa kaonaneni ndi makaniko wodziwa za otomatiki musanawononge ndalama pa ulendo wachiwiri.

Bwezerani bawuti ndi kawashala katsopano. Limbitsani ndi dzanja limodzi pa sipanala yaifupi, osawonjezera paipi, osapondapo ndi mwendo. Mphamvu yake ndi pafupifupi 20 Nm basi (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), ndipo mazinga ake akangophotchoka mwadziputira ntchito ina.

Mwina mukufunsa za fyuluta. Ili m'kati, ndipo kuti muifike muyenera kugwetsa sampu yonse. Pa ulendo woyamba ndikanakonda muisiye. Pa giyabokosi imeneyi fyuluta ndi kasefa ka waya, sikatsekeka msanga ngati ya pepala. Mukadzazolowera, pa ulendo wachitatu, mutha kugwetsa sampu ngati mwapeza gasiketi kapena guluu wake woyenera. M'katimo mudzapeza timaginito tili ndi ndevu zakuda za fumbi la chitsulo. Mudzatipukute n'kutibwezera pamalo pake penipeni. Timabawuti ta sampu n'tating'ono kwambiri, mphamvu yake siifika n'komwe 10 Nm, ndipo timathyoka ngati chinangwa chouma mukatikakamiza. Muzidzatimanga modumphadumpha, uku ndi uku, osati motsatana. Guluu akachuluka amafinyikira m'kati n'kukatseka sefa ija, ndiye kamzere kowonda n'kokwanira.

Kuthira kumachitikira pa paipi ya dipisitiki. Lowetsani fanelo, thirani pang'onopang'ono mlingo womwe uja munatulutsa, kuchotserako pang'ono. Paipiyo ndi yowonda, mukafulumira oyilo amabwerera n'kukutayikirani pa injini.

Apa ndiye pagona ntchito yonse: kuyeza mlingo. Kutulutsa ndi kuthira aliyense angathe, koma magiyabokosi ambiri amene amavuta akasinthidwa oyilo amavuta chifukwa cha mlingo wolakwika. Oyilo wa injini timayeza injini itazima. Wa otomatiki timayeza injini ikulira, chifukwa pampu iyenera kukhala itadzaza torque converter ndi tinjira tonse. Mukayeza itazima dipisitiki ionetsa wambiri, inu n'kumaganiza kuti zili bwino pomwe ali wochepa.

Lizani injini, phazi pa buleki. Yendetsani ndodo ya magiya kuchoka pa P kudutsa paliponse mpaka pa L, mukuima masekondi atatu pa malo alionse, kenako mubwerere pa P. Injini ikulirabe choncho, sololani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, sololaninso. Ili ndi zigawo ziwiri, china cholembedwa COOL, china HOT. Pakadali pano oyilo angofika pa COOL, n'chizindikiro chongokulolani kuyenda. Muziwerenga mbali zonse ziwiri za dipisitiki n'kukhulupirira yotsikayo, chifukwa oyilo amene mwangothira uja amakhala atapaka m'paipi ndipo amanamiza.

Kenako kayendeni makilomita 15 kapena 20, kukafika cha ku Dunduzu n'kubwerera, mopanda katundu, kuti oyilo afike pa kutentha kwake kwa ntchito, madigiri 70 mpaka 80. M'miyezi ya June ndi July kuno kungoliza injini pabwalo sikumufunditsa mokwanira, ayenera kuyenda ndithu. Mukabwerako imikani pamalo afulati paja, bwerezani kuyendetsa ndodo, muyezenso. Tsopano ayenera kukhala pakati pa timizere ta HOT. Akachepa onjezerani pang'ono, ngati theka la botolo la Fanta, mudikire mphindi ziwiri, muyezenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyilo ameneyu amafufuma akatentha, n'chifukwa chake pali zigawo ziwirizo, ndipo n'chifukwa chakenso simuyenera kuyeza mutangokwera kumene kuchokera ku Nkhata Bay ndi katundu. Nthawi imeneyo amakhala atatentha mopitirira ndipo amaoneka wambiri. Dikirani theka la ola.

Musaganize kuti kuthira wambiri n'kuikomera mtima galimoto. Akapitirira, zitsulo zozungulira zimamupuntha mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silikankha kilatchi. Magiya amayamba kutsetsereka, giyabokosi imatentha, oyilo n'kumatulukira pa kabowo kopumira. Mukaona tithovu pa dipisitiki kapena wadutsa mzere wa pamwamba, masulani bawuti pang'ono mutulutseko. Akachepa nayonso pampu imayamwa mpweya, mapeto ake ndi omwewo.

Ndikudziwa kuti ena amene akuwerenga pano ali ndi mapikiapu atsopanoko, ndiye ndiwachenjeze asanalowe kunsi. Ma Hilux a magiya asanu ndi asanu ndi limodzi, amene amamwa WS, alibe dipisitiki. Amathirira pa bawuti la m'mbali mwa giyabokosi pogwiritsa ntchito kapampu, ndipo mlingo amayezera pa kabawuti kena ka pansi pa sampu: injini ikulira, oyilo atafika pa kutentha kumene buku la galimotoyo lanena, amatsegula kabawutiko mpaka wosefukira atatsala kudontha pang'onopang'ono. Kutenthako kumasiyana malinga ndi mtundu wa giyabokosi, ndipo kawirikawiri amakuyeza ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Ford Ranger ya magiya asanu ndi limodzi imafuna Mercon LV, ndipo kadipisitiki kake n'kakafupi, kobisika m'mbali mwa giyabokosi pafupi ndi ekizozi yotentha. Pa galimoto zoterezi lamulo loyamba ndi lakuti mumasule kaye pothirira musanamasule potulutsira. Mukayamba ndi kutulutsa kenako pothirira n'kukana, galimoto yanu yasanduka nyumba ya nkhuku mpaka mutapeza wokukokani. Ngati mulibe choyezera kutentha, ntchito imeneyo ipititseni kugalaja.

Tibwerere kwa inu, bambo, ndi R wanu woganiza uja. Sindikulonjezani kuti oyilo watsopano athetsa zonse. Kuchedwa kugwira m'mawa kumabwera pa zifukwa zingapo. Oyilo akachepa, pampu imatenga nthawi kuti idzaze. Oyilo wokalamba naye amayenda mwaulesi kukazizira. Ziwirizi kusintha kumathandiza, ndipo kawirikawiri kusiyana kumamveka pofika ulendo wachiwiri. Koma pa galimoto ya zaka zimenezi timalabala ta m'kati timaumanso, ndipo kukazizira sititseka bwino mpaka titafunda. Zimenezo oyilo amangochepetsako. Yesani izi: m'mawa mukaliza injini, isiyeni mphindi imodzi kapena ziwiri musanaike giya, ndipo mukaika pa R musaponde moto mpaka mutamva kuti yagwira. Kuponda moto isanagwire ndiko kumamaliza makilatchi, chifukwa amadzagwira mwa chiwawa injini ili pamwamba. Werengani masekondi. Awiri si nkhani. Akamafika asanu kapena kuposa, ngakhale itafunda, kapena ikamagwira ndi kugunda, pamafunika makaniko woti ayeze mphamvu ya pampu ndi geji.

Msewu umene mumayendawo ndi umene ukudya oyilo wanu. Kuchoka kunyanja kudzafika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, koma mumakwera mamita oposa 700, mutasenza matumba. Pa D giyabokosi imangosinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi pa chitunda chilichonse, ndipo kusintha kulikonse ndi kutentha. Pokwera ndi katundu ikani pa 3, pakakhala potsetsereka kwambiri pa 2, injini izilira momasuka. Potsikanso chimodzimodzi, kuti mabuleki asapse. Amene amayenda ya ku Chiweta kapena kukwera Gorodi kupita ku Livingstonia akudziwa zimene ndikunena. Pa ntchito ngati yanuyi ine ndimalangiza kutulutsa ndi kuthira kamodzi pa makilomita 40,000 alionse mukamaliza maulendo atatu oyambawa, ndipo papepala loyera paja muzidonthezapo mwezi ndi mwezi.

Oyilo wakaleyo musamuthire m'ngalande kapena kuseri kwa nyumba. Mvula ya kuno simuchedwa kumutengera kumadambo kumene anthu amalima ndiwo ndi kutunga madzi. Muikeni m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ana chifukwa mtundu wake umafanana ndi chakumwa, mukamusiye kugalaja imene imasonkhanitsa oyilo wakutha. Koma musanamutaye tapaniko pang'ono m'kabotolo, mulembepo tsiku ndi makilomita. Pa ulendo wachiwiri mudzatapenso, n'kuika mabotolo awiriwo pamodzi padzuwa. Ngati wachiwiri akuoneka wofiirirako, pitirizani ndi ulendo wachitatu. Ngati m'sabata ziwiri zokha wadanso ngati woyamba ndipo akununkha kupserera, musagulenso chitini china, ndalamayo muyambe kusungira makilatchi.